Ahedi a Soko ndi Ngolo ya Mwini

Loweruka lapitali tinali kumanda kuno ku Chiparamba kukaona chiliza cha Ahedi a Soko, poti chaka chakwana chimwalirire iwo. Ana awo ayesetsa, chilizacho n'chokongola. Alembapo kuti anali mphunzitsi wamkulu, mkulu wa mpingo, tate wachikondi. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma ine nditawerenga ndinapukusa mutu, chifukwa udindo umene mkuluyo anaugwira ndi mtima wonse sunalembedwe. A Soko anali woimbidwa mlandu. Loweruka lililonse masana, kwa zaka zambirimbiri, ankavula chipewa, kukwera m'ngolo imene inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, n'kuimirira momwemo kuti ana a sukulu awazenge mlandu.

Ine ndine mphunzitsi pa pulaimale ya konkuno, ndipo nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo. Mabenchi a khotilo ankachokera m'kalasi mwanga, choncho zambiri ndinaziona ndi maso angawa, ngakhale kuti poyamba ndinkangopita kukalondera mabenchi.

Ndiyambe ndi ngoloyo, chifukwa ndi imene inatiyambanitsa koyamba. Chaka chimene ndinasamukira kuno ndinakolola tichimanga tanga kutsidya kwa dambo, ndipo maso anga anagwera pa ngolo yabwinobwino ili phee pansi pa mango, matayala opopa, matabwa opaka penti wobiriwira, girisi ali nyezinyezi. Ndinapita mwaulemu kukabwereka. Anandikaniza. Ndinachonderera, anakanabe. Anangoti ngoloyo si yawo, mwini wake sanabwere kudzaitenga, ndipo sangabwereketse chinthu cha eni. Ndinachoka ndikung'ung'udza kuti umbombo wa anthu a ku mishoni umachita kuvala taye. Chimangacho tinatuta pamutu ndi ana anga, ndipo kwa mwezi wathunthu moni wanga kwa iwo unali wa mphuno.

Kenako mayi wina woyembekezera wa kuseri kwathu matenda anamuyamba mwadzidzidzi. Ndinaona nkhalamba yomweyo ikuthamanga yopanda nsapato kukabwereka ng'ombe, kuzimanga m'goli ndi manja ake, kuyala matiresi ake omwe m'ngolo muja, ulendo ku chipatala. Atabwerako anaitsuka ngoloyo n'kuibwezera pamalo pake penipeni. Ndinazindikira kuti kwa wodwala sankakana. Chimanga, thonje, njerwa, mchenga, zimenezo ayi.

Amene anandimasulira anali akazi awo, aNajere, tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde.

A Soko anabadwira ku Tamanda, m'banja la aphunzitsi ndi makalaliki, kumene mwana amadziwa nambala ya nyimbo asanadziwe kugwira khasu. Mng'ono wawo Yohane sukulu sinamukomere. Iye anakonda munda, ndipo anadzakwatira kuno mkazi wa Chikatolika, aNambewe, zimene abale ake sanakondwe nazo mpang'ono pomwe. Awiriwo analima thonje ndi mtedza mpaka anagula ng'ombe ziwiri, ngolo, njinga ndi malata amene anali asanawakhome. Kenako Yohane anadwala n'kumwalira, kusiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, Enelesi, amene anali giredi seveni.

Tsiku lometa, abale atasonkhana kuti aone za katundu wa malemu, anasankha a Soko kuti ayang'anire chumacho, poti ndiwo anali aakulu ndiponso ophunzira. ANambewe anali pamphasa chapakona atafunda chitenje kumutu, monga mwambo unenera, kuti namfedwa sadzutsa maso ndipo salankhula pagulu. Wowalankhulira anali malume awo, munthu woti akaona taye mawu amamuthera. A Soko anagawa. Ng'ombe ndi ngolo zinapita kwa iwo eni, amati kukasungidwa. Malata kwa mlongo wawo, njinga kwa mphwawo. Namfedwa anamusiyira miphika ndi makasu. Atatha anafunsa, monga mphunzitsi afunsira kalasi, ngati alipo wina ali ndi mawu. Kunali zii. Iwo anati ndiye kuti onse agwirizana, natseka ndi pemphero.

Lamulo loteteza akazi amasiye ndi ana awo linalipo kale nthawi imeneyo. A Soko ankalidziwa. Ankaliphunzitsa m'kalasi.

Popanda ng'ombe munda wa aNambewe unachepa, Enelesi anasiya sukulu, ndipo posakhalitsa anamukwatitsa kwa munthu wamkulu, iye akadali mwana. Nthawi yake yochira inakwana dzinja lili pakati, msewu uli matope okhaokha. Ngolo m'mudzimo munalibe. Anamukweza pa njinga anthu akukankha, ndipo anachirira panjira pansi pa mtengo, dzuwa lili paliwombo. Khandalo linakhala moyo. Enelesi magazi sanaleke, ndipo pamene ankafika ku chipatala n'kuti atatsirizika kale. Tsiku limenelo ngolo ya bambo ake inali ku Madzimoyo, kumene a Soko anali hedi, ikututa manyowa.

Maliro atatha a Soko anamanga ng'ombe zija, kuyenda nazo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kuima nazo pakhomo pa aNambewe. Mayiwo anatuluka khanda lili kumsana. Anayang'ana ngolo, anayang'ana munthu.

"Alamu," anatero, "mwabweretsa ngolo kuti inyamule ndani?"

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ng'ombe malume aja anazilandira, ndipo ndi zimene zinathandiza kulera khandalo. Koma ngolo aNambewe anaitana anyamata kuti aikankhire kumsewu, asaionenso pakhomo pawo.

N'chifukwa chake a Soko atapuma pa ntchito sanabwerere ku Tamanda, sanamangenso m'tauni ku Chipata monga anachitira anzawo. Ana awo anakwiya, koma iwo anadzamanga kuno, kufupi ndi mudzi wa aNambewe, kuti ngolo ikhale pafupi ndi mwini wake. Chaka chilichonse akakolola ankaipaka penti, kusintha thabwa lofumbwa, kuthira girisi. Chimene ankafuna asanafe chinali chimodzi chokha: aNambewe abwere okha adzatenge ngolo yawo. Kwa iwo kumeneko ndiko kukanakhala kukhululukidwa, ndipo kukhululuka kwa mtundu wina, ngakhale kwa abusa, sankakuwerengera.

Khoti lija linayamba ndi ana ochepa amene ankabwera kudzagenda mango. M'malo mowathamangitsa, a Soko anawakhazika pansi n'kuwafunsa kuti wapolisi akakugwira, choyamba kumufunsa n'chiyani. Ana anaseka, akuti wapolisi safunsidwa. Loweruka lotsatira anabwera ndi anzawo, ndipo m'kupita kwa nthawi pansi pa mango panayamba kuchepa.

Zonse zinali ndi dongosolo lake. Woweruza ankakhala pampando umene a Soko anachoka nawo ku ofesi, atavala jekete lawo lakuda la ku tchalitchi, limene ena linkawafika m'mawondo. Pampandopo sankaikapo mwana wanzeru m'kalasi kapena wodziwa Chingerezi. Ankasankha wofatsitsa, uja amabisala kumbuyo kwa anzake. Olongolola ankawapatsa ntchito ya mesenjala, youza anthu kuti akhale chete. Panali woimira boma, loya wa woimbidwa mlandu, ndi mboni. Koma m'ngolo simunkakwera mwana. Ankati mwana asazolowere kuima m'malo amenewo, ndipo iwo ndiwo anali ndi msana wosenza milandu yonse.

Milanduyo ankaitola ku chigayo, kumaliro, ndi ku lokolo khoti, bwalo laling'ono la milandu la boma, kumene ankapita pa njinga kukakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Maina ankasintha. Loweruka lina anali bambo wofuna kukwatitsa mwana wa sukulu. Lina anali wogula thonje wodinditsa anthu chala pa pepala limene sanawawerengere. Lina anali mwamuna womenya mkazi, n'kumati ndi mankhwala a banja. Ndipo munthuyo ankadziwa kuipa! Ankanama maso ali gwa, kuopseza, kutong'olera mwana maso n'kumufunsa kuti ndiwe mwana wa yani kuti ufunse malume ako. Mwana akanjenjemera n'kugwada, kapena kugwetsa nkhope pansi, ankaimitsa zonse kuti ayambirenso. Ankati popatsa munthu wamkulu madzi ugwade ndithu, koma pofotokoza zimene wakuchita uimirire, umuyang'ane, ndipo mawu ako afike kwa wakhala kumapeto.

Lamulo lalikulu kuposa onse linali lakuti woweruza asagamule asanafunse ngati alipo amene sanalankhule. Akafunsa adikire. Pakakhala zii, amutchule dzina munthuyo. Ankabwerezabwereza mpaka ana anayamba kuwayeseza kumsewu, kuti kukhala chete kwa munthu wamantha si kuvomera, ndipo wofunda chitenje kumutu pakamwa ali napo.

Zimenezi sizinakomere aliyense. Akulu anzawo a mpingo anawaitana, akuti mkulu wa mpingo wathunthu angamaime m'ngolo ana akumuloza chala, ulemu wa mpingo uli pati? Iwo anayankha kuti pa Sabata amalalikira za tsiku la chiweruzo, ndiye palibe cholakwa kuyamba kuzolowera Loweruka. Anamkungwi nawo anadandaula kuti atsikana amene iwo akuwalanga kuti aziyang'ana pansi, Ahedi akuwadzutsa mitu. Bambo wina anafika atalusa, mkwapulo uli m'manja. Mwana wake anali atalekerera mbuzi m'dimba la eni, ndipo bamboyo atati amukwapule, mwanayo anati ayambe wamva mbali yake.

"Ahedi, mwationongera ana!" anakuwa bamboyo. "Lomba m'nyumba mwanga ndikhale ndi loya?"

"Nanga mbali yakeyo munaimva?" anafunsa a Soko.

"Ndinaimva, inali yabodza!"

"Basitu, khoti lanu likuyenda bwino. Khalani pansi mudye mango."

Inenso ndinakangana nawo kangapo. Ndinkawauza kuti akuwapatsa anawa mitima imene dziko silidzaisamala. Khoti lenileni lili kutali, milandu imaimitsidwa mpaka munthu kutopa, ndipo mtsikana woimirira pansi pa mango akafika kwawo amagwadanso. Sankatsutsa. Ankangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ayambe wadziwa kumene chitsekocho chili. Ndinkachoka ndisanakhutire, koma mabenchi sindinasiye kutumiza.

Khanda la Enelesi lija linakula, dzina lake Velonika, ndipo anadzakhala m'kalasi mwanga. Anali mwana woti ukamufunsa funso umachita kuweramira kuti umve yankho, ngakhale yankholo linkakhala lokhoza. Agogo ake, aNambewe, anamuletsa ngakhale kudutsa njira ya kwa a Soko. Koma mwana ndi mwana, anzake onse ankapita, ndipo tsiku lina ndinamuona atakhala pa benchi yakumapeto. A Soko anamuzindikira nthawi yomweyo, akuti nkhope ya Yohane yeniyeni.

Milungu inapita mtsikanayo akubwera mobisa. Mwa lamulo la a Soko omwe, wofatsitsa ndiye woweruza, ndipo pa gulu lonselo panalibe wofatsa kuposa Velonika. Koma iwo ankamudumpha. Ana amene anawaphunzitsa okha kufunsa ndi amene anawapanikiza, akuti Ahedi akuphwanya lamulo la khoti. A Soko anamuitana mtsikanayo kutsogolo. Anatenga jekete lija n'kumuveka. Atafunsa kuti lero tizenge mlandu wanji, ana onse anakuwa kuti wa mkazi wamasiye, poti umenewo ndi umene a Soko ankausewera bwino kuposa yonse. Akanatha kukana, koma sanakane.

Unali mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha koti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa. Mtsikana wina anakhala pamphasa atafunda chitenje, ndiye namfedwa. A Soko m'ngolo muja anali atafika pachimake, akuwaza manja.

"Mkaziyu anabwera ndi ng'ombe pa ukwati? Anabwera ndi ngolo? Za mbale wanga ndi zanga! Ndipo ndinafunsa pagulu, palibe anatsutsa!"

Pamenepo ndi pamene aNambewe anatulukira pangodya ya nyumba, kashamu kali m'manja. Wina anali atawatsina khutu za kumene mdzukulu wawo ankapita Loweruka, ndipo anabwera kudzamutenga. Anaima chilili. Kutsogolo kwawo kunali mdzukulu wawo pampando atavala jekete lakuda, mwana wa eni atafunda chitenje pamphasa, ndi mlamu wawo ataima m'ngolo ya amuna awo akunena mawu amenewo.

A Soko anawaona. Dzanja linatsika pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa Velonika, ndipo mawu amene anatuluka sanali a sewero aja.

"Olemekezeka, ndipempha kusintha zimene ndakamba. Mlandu uno si wopeka. Munthu wakufayo anali mng'ono wanga Yohane, agogo anu. Namfedwa ndi awo aima apowo. Ndinafunsa pagulu ndikudziwa kuti sangayankhe. Lamulo ndinali kulidziwa. Ngolo ndaimamo ino ndi yawo, ndipo ikanakhala pakhomo pawo, amayi anu akanakwera muno. Ndilibe mboni, ndilibe chodzitetezera."

Ana anangoti kukamwa kakasi. Ine ndinadzuka kuti ndiwabalalitse, chifukwa ndinaona kuti izi zapitirira msinkhu wawo, ndipo mumtima ndinawakwiyira a Soko posenzetsa mwana katundu wotere. Velonika anali pampando paja, manja atabisika m'mikono ya jekete. Ndisanatsegule pakamwa, ndinamva kamawu kake.

"Alipo amene sanakambe?"

Zii. Anadikira, monga anamuphunzitsira. Kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana agogo ake aNambewe.

"Ambuya, khoti lifuna kumva mawu anu."

Ndinkayesa kuti aNambewe amukoka mwanayo pampando n'kumapita. Kashamu kaja kanagwa pansi. Anayenda mpaka pamene mboni zinkaima, ndipo mwachizolowezi anayamba kupinda mawondo. Mesenjala wa tsikulo, nayenso mwachizolowezi, anati mboni imaimirira. Anaweramuka. Anawayang'ana a Soko m'maso.

"Tsiku lometa lija mawu ndinali nawo, alamu. Anali odzaza m'kamwa. Munayang'ana kwa ine, munaona chitenje, n'kuti tagwirizana."

Za ng'ombe sanakambe, za malata sanakambe. Anakamba za Enelesi. Anati mwanayo ankafuna kudzakhala nesi, ankamanga zilonda za anzake ndi masamba a nthochi. Anati yunifolomu yake ya sukulu anaidula okha n'kusoka matewera. Anati panjira paja mutu wa Enelesi unali pamiyendo pawo, ndipo ankangofunsa funso limodzi.

"Anali kuti, 'Amama, kwatsala patali?' Ine ndinali kumunamiza kuti tafika, mwanawe, tafika. Mwana wanga anafa ndikumunamiza. Zimenezo ndakhala nazo zaka zonsezi, palibe anandifunsapo. Lero wandifunsa ndi mwana."

Ndinalira ine, sindibisa. Ana aakulu ena ankalira, aang'ono akuyang'ana uku ndi uku. A Soko sanagwetse nkhope. Anaima chomwecho, misozi ikutsikira m'kolala, mpaka mayiwo anamaliza.

Velonika anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, n'kutembenukira kwa a Soko.

"Agogo, khoti lakupezani olakwa. Ngolo ibwerere kwa mwini wake."

"Chigamulo ndamva," anatero aNambewe. "Ngolo ndi yanga, ndidzatenga tsiku limene ndidzafune ine. Lomba ikhale pompano. Azikweramo pa Chiweru chilichonse, ana aziwafunsa, mpaka mtima wanga udzaphwe."

Anamuvula mwanayo jekete, kulipinda bwinobwino, kuliika pampando, n'kumugwira dzanja kumapita. Loweruka lotsatira Velonika anabweranso, ndipo panalibe womulondola ndi shamu.

Kuyambira pamenepo a Soko sanajombepo. Mvula ikagwa ankaima m'ngolo ndi ambulera, ana atathithikana pakhonde. Mawondo atayamba kuwavuta, ana anasanja njerwa kumbuyo kwa ngolo kuti azipondapo pokwera. Tinawapempha kuti azingokhala pampando pambali pake, anakana, akuti chigamulo sichinanene za pambali. Amene ankawadziwa ankaona kuti pakati pa mlandu maso awo ankathawira ku kanjira kochokera kwa aNambewe. Mayi aliyense wotulukira kumeneko ankawadodometsa mawu.

Ankakumana ndithu awiriwo, kumaliro ndi ku chigayo. A Soko ankavula chipewa n'kupereka moni. Yankho linali lomwelomwelo, lakuti ali bwino kaya alamu, basi. Zaka zinapita, ana a pansi pa mango anakula, ena anakwatiwa pa msinkhu wake, ena anagwa m'maenje omwe aja amene ankachenjezedwa. Velonika anamaliza sukulu, ndipo pano amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika ku Chipata, kumene ndimamva kuti wofuna kumusuntha pamalo pake amayamba waonetsa lamulo limene akumusunthira.

Matenda atakula anawagoneka m'chipatala m'tauni. ANajere akuti aliyense wochokera kumudzi akalowa, asanafunse za nkhuku kapena za zidzukulu, ankafunsa ngati pabwera munthu kudzatenga ngolo. Atawatulutsa kuti akathere kunyumba, anapempha kuti bedi alitembenuzire ku windo loyang'ana ku mango. Ine zinandipweteka kwambiri moti ndinanyamuka ndekha kupita kwa aNambewe. Ndinawapeza akupeta mtedza. Ndinawauza kuti munthu uja akutha, ndipo chimene akudikira akuchidziwa.

"Madamu," anatero osasiya kupeta, "muyesa sindifuna? M'mawa muno ndinafika mpaka pa dambo, miyendo inakana. Mtima sautuma ngati mwana."

Ndinabwerera nditakwiya. Ndinkati mayi ameneyu ndi wouma mtima, munthu wavomera pamaso pa ana, waima m'ngolo mpaka ukalamba, afunanso chiyani? Nditafika kunyumba ndinapeza mwana wanga wamkazi akuchapa yunifolomu yake, ndipo mkwiyo uja unandithera. A Soko anamwalira sabata yomweyo, nthawi yachisanu, m'mawa ana akupita ku sukulu. ANambewe anabwera ku maliro, anagona kusiwa ndi amayi anzawo, anatunga madzi, anaperekeza mpaka kumanda. Ku mango sanayang'aneko.

Chaka chathachi khoti lakhala likutsimphina. Ana ankabwerabe, ine n'kumayesa kuwatsogolera, koma panalibe munthu wamkulu wolola kukwera m'ngolo. Ndinapempha aphunzitsi anzanga, ndinapempha akulu a mpingo, aliyense anali ndi chifukwa. Tonsefe timafuna mpando wa woweruza. Penti anayamba kusuluka, matayala anaphwa.

Loweruka lapitali, titachoka kumanda kuja, tinasonkhana pakhomo pa aNajere. Anthu atadya, alendo a ku Lusaka akulongedza m'magalimoto, tinamva likhweru la woyendetsa ng'ombe ku kanjira kaja. Patsogolo panali aNambewe ndi ndodo yawo, pambuyo Velonika, ndi bambo wina akukusa ng'ombe ziwiri zili m'goli. Anaodira, n'kuima pamaso pa aNajere.

"Ndabwera kudzatenga ngolo ya amuna anga."

ANajere anawayang'ana. Mayi amene uja sindinamumvepo akudandaula zaka zonse zimene amuna ake ankapaka penti ngolo ya eni, koma tsiku limenelo mawu anatuluka owawa.

"Mwachedwa, amake Enelesi. Munthu anafa akuyang'ana pa windo."

"Inde ndachedwa," anayankha aNambewe. "Nayonso ngoloyo inachedwa."

Anyamata ena amene anakulira pansi pa mango anathamangira pampu, napopa matayala, namangirira ng'ombe. ANambewe anazungulira ngoloyo pang'onopang'ono. Anaima pa thabwa lakutsogolo, pamene manja a a Soko anafufuta penti mpaka thabwa kusalala, naikapo dzanja lawo.

"Mlandu watha, alamu," anatero. "Tsikani."

Velonika anawathandiza kukwera pa njerwa zija, anakhala pansi m'ngolomo, ndipo aNajere anadzuka n'kuwaperekeza mpaka pa dambo, atagwira thabwa lakumbuyo. Ine ndinatsala nditaima, osadziwa ngati ndikondwe kapena ndilire. Mawu amene mkulu uja anawadikira mpaka kutha maso ananenedwa, tonse tinawamva, kupatula mwini wake.

Lero m'mawa ndinapita kukatenga mabenchi anga. Pansi pa mango pakula modabwitsa. Pamene panali ngolo patsala dothi loyera la ngodya zinayi, losameraponso kaudzu, ndi timaenje tiwiri pamene matayala anakhazikika zaka zonsezo. Chapakati pali banga lakuda la girisi, ndipo maluwa a mango ayamba kale kuyoyokerapo. Mpando wa woweruza aNajere aulowetsa m'nyumba, jekete anapita nalo mwini wake kumanda. Windo lija ndi lotseka. Njerwa zokha zimene ankapondapo pokwera ndi zimene zikadali pomwepo, zosanjikizana bwinobwino monga anazisiyira ana. Ndinapondapo mpaka ya pamwamba, ndipo kutsogolo kwanga kunalibe pokwera.